Bwanji osangomanga chipupa?

Funso: Ndimamva pa wailesi kuti madzi a m'nyanja zamchere akukwera. Nanga bwanji maiko a m'mphepete mwa nyanja osangomanga zipupa zotchinga madziwo, nkhani n'kutha? — Wowerenga, Blantyre

Yankho: Vuto ndi ndalama, achimwene. Dziko la Netherlands, lomwe pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a malo ake lili pansi kuposa nyanja, lidataya anthu opitirira 1,800 pa kusefukira kwa madzi mu 1953. Lidayamba kumanga madamu ndi zitseko zikuluzikulu za Delta Works, ntchito yomwe idatha mu 1997. Komabe mpaka lero boma limapatula mayuro opitirira 1 biliyoni chaka chilichonse pa ntchito zoteteza dziko ku madzi. Chipupa sichimangidwa kamodzi n'kuiwalika. Chimakalamba, nyanja nayo ikukwerabe.

Tsono taganizirani za Mozambique. Namondwe wa Idai atawononga mzinda wa Beira mu Malichi 2019, dzikolo lidadalira thandizo ndi ngongole zakunja. Njira ina ndi nkhalango za mitengo ya m'mphepete mwa nyanja yotchedwa mangrove, zomwe zimachepetsa mphamvu ya mafunde motchipa, koma sizingateteze doko lonse ngati la Beira.

Musati n'zakutali. Mafuta ndi feteleza wambiri wobwera ku Malawi amadzera pa doko la Beira lomwelo.