Danieli Anapemphera, Komanso Anaphunzira

Werengani: Danieli 1:3-20

Mayeso a Giredi 7 ayandikira. Ambiri mukupemphera kuti mwana akapeze malo ku St Monica's, ku Chizongwe kapena ku Chassa. Malo ndi ochepa, cut-off point ndi yokwera. Tsono titani?

Inde, Mulungu ndiye anapatsa Danieli nzeru (vesi 17). Koma taonani vesi 5: anamuikira zaka zitatu za maphunziro asanaime pamaso pa mfumu Nebukadinezara kukayankha mafunso. Kudzoza pensulo n'kwabwino, koma pensuloyo siwerenga yokha!

Sabata ino:
1. Madzulo alionse ola limodzi: TV yozima, foni pansi, inu pambali pake.
2. Mpezereni ma past paper a ECZ. Musaiwale Special Paper 1 ndi 2, amayesa kuganiza, osati kuloweza.
3. Lekani zomuopseza kuti "ukafeluka uona." Mantha amatseka mutu.

Nanga malowo akapanda kupezeka? Danieli sanasankhe Babulo, koma Mulungu anamukweza komweko. Mwana wanu si mamalikisi.

Tipemphere: Atate, patsani ana athu khama ndi mtima wodekha, ife mutipatse kuleza. M'dzina la Yesu, Amen!