Makina Odulira Kakitasi Wopanda Minga: Uthenga kwa Oweta Ziweto ku Chisenga

M'dera la zaulimi la Chisenga, m'munsi mwa mapiri a Mafinga m'boma la Chitipa, msipu umatha kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, ndipo ng'ombe zimaonda nthiti kuonekera. Kakitasi wopanda minga, amene akatswiri a zomera amamutcha Opuntia ficus-indica, anachokera ku Mexico, ndipo alimi a ku Brazil ndi ku Tunisia amadyetsa ziweto zawo chomerachi m'nyengo yotere. Zigawo zake zaphwatalala, zimene ambiri amaziyesa masamba, ndi tsinde losunga madzi okwana pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse a kulemera kwake, pamene timabowo take topumira timatseguka usiku, n'chifukwa chake safota msanga padzuwa. Asasokonezedwe ndi nkhadze, imene utomoni wake woyera umawononga maso.

Makina odulira kakitasiyu ali ndi kangalande kolowetsera zigawozo, gudumu lopukusa ndi dzanja, ndi mipeni yomangiriridwa pagudumupo. Mtengo wake umasiyana malinga ndi kukula kwake ndi kumene agulidwa, choncho ndi bwino kuti alimi asonkherane pakalabu.

Cholakwika chachikulu ndi kudyetsa kakitasi yekhayekha. Popeza makina amadzaza chidebe m'kanthawi kochepa, woweta amakhuthulira zonse m'khola, ng'ombe n'kudya mpaka kukhuta, koma m'mawa mwake ndowe imakhala yamadzimadzi, michira itathimbirira, ndipo mlandu umagwera makina. Kakitasi ali ndi madzi ndi mphamvu, koma zakudya zomanga thupi ndi ulusi wothandiza ng'ombe kubzikula ndi zochepa mwa iye, motero ayenera kusakanizidwa nthawi zonse ndi mapesi, udzu wouma kapena masangwi a mtedza, zimenenso zimadulidwa m'makina omwewo, kuwonjezapo madeya. Chiweto chimene sichinamulawepo chiyambe ndi pang'ono, muyeso uziwonjezeka tsiku ndi tsiku, ndipo wodulidwa asagonekedwe, chifukwa amasasa msanga. Amene amatentha mapesi akangokolola, kapena kuwasiya m'munda kuti ziweto zingowapondaponda, amataya chakudya chimene chikanateteza ng'ombe zawo ku kutsegula m'mimba kumeneku.

Akatsatidwa malangizowa, phindu lake ndi losiririka kwambiri, pakuti ng'ombe zangolo zimafika nyengo yolima zili ndi mphamvu, ndipo zoyamwitsa siziumitsa mkaka msanga. Wofuna kuyamba akaonane ndi alangizi a ziweto a m'dera lake asanagule makina.