Kuvomera Kuchita Sewero Si Kuvomera Zonse

Phunziro la ulendo uno likukhudza kwambiri inu amene mumachita zisudzo, koma ngakhale inu amene ntchito yanu ndi kuimba kwaya kapena kumenya mpira, werengani ndithu mpaka kumapeto.

Ndiyambe ndi kuulula cholakwa changa

Chaka chatha kalabu yathu inakonza sewero loti tikaonetse pabwalo la amfumu, ndipo wotsogolera ndinali ine. Nkhani yake inali ya bambo wina wa golosale, chidyamakanda, amene ankanyengerera mtsikana wasukulu ndi sopo ndi mafuta odzola. Pokonzekera ndinkangonena kuti, "Apa umugwire dzanja, iyeyo akane." Basi. Tsiku la sewero anthu anadzaza bwalo. Mnyamata amene ankasewera ngati bambo uja ataona kuti anthu akuseka, anawonjeza zakezake. Anamukoka mtsikanayo m'chiuno n'kumugwira pachifuwa. Anthu anafa nalo phwete, ndipo nanenso ndinaomba nawo m'manja.

Mtsikanayo anamaliza sewero bwinobwino, koma ku kalabu sanabwerenso. Patatha milungu itatu ndinapita kwawo kukamuona. Anandiyankha mwachidule: "Ine ndinavomera kuchita sewero. Sindinavomere kugwidwa mabere pamaso pa amalume anga." Ndinasowa chonena. Mnyamata uja analakwa, inde, koma nanenso ndinalakwa chifukwa sindinakonze gawo limenelo moyenera. Ndinaganiza kuti popeza ndi sewero chabe palibe amene angapwetekedwe.

Vutoli si lathu lokha. Ngakhale akatswiri a mafilimu ku America ndi ku Ulaya, amene amalandira ndalama zankhaninkhani, akhala akukumana nalo kwa zaka zambiri. Kumeneko anafika poyambitsa ntchito yapadera yothana nalo. Munthu wogwira ntchitoyi pa Chingerezi amamutcha intimacy coordinator. M'phunziro lino ndizimutcha mkhalapakati wa osewera, chifukwa amaima pakati pa wotsogolera ndi osewera pamene gawo la sewero likufuna kukumbatirana, kupsopsonana, kuvula kapena kuyerekeza kugonana.

Ntchitoyi inachokera kuti?

Mu 1972 kunatuluka filimu yotchedwa Last Tango in Paris. Wotsogolera wake anali Bernardo Bertolucci wa ku Italy, ndipo osewera akuluakulu anali Marlon Brando, bambo wopitirira zaka 45 wotchuka dziko lonse, ndi Maria Schneider, mtsikana wa zaka 19 wa ku France amene anali atangoyamba kumene. Mufilimuyo muli gawo limene mwamunayo akugwiririra mtsikanayo. Kugonanako kunali kongoyerekeza, koma abambo awiriwo anagwirizana awiriwiri zowonjezera zina pa gawolo osamuuza Maria pasadakhale. Mu 2007 Maria anauza nyuzipepala ina ya ku Britain kuti misozi imene analira pa gawolo inali yeniyeni ndipo anamva kuti achititsidwa manyazi. Iye anamwalira mu 2011. Mu 2013 Bertolucci anavomera poyera kuti anamubisira dala pofuna kuti kunyazitsidwa kwake kuoneke kwenikweni pa kanema. Taganizani, mtsikanayo anasenza chimenechi moyo wake wonse pamene ena ankatamandidwa kuti ndi akatswiri.

Anthu ena a zisudzo anayamba kufunafuna njira. Mayi wina wa ku America, Tonia Sina, analemba za mutuwu mu 2006 pomaliza maphunziro ake apamwamba a zisudzo. Mfundo yake inali yosavuta. Pa sewero, ndewu amaikonza mosamala: nkhonya iliyonse amaiyeserera, kuti iwe uponya dzanja apa, mnzako azinda apa, ndipo palibe amene amaloledwa kuwonjeza nkhonya yake chifukwa choti wakomedwa. Nanga bwanji pa magawo achikondi amangowauza osewera kuti onani chochita? Mu 2016 Tonia Sina, Alicia Rodis ndi Siobhan Richardson anayambitsa bungwe lophunzitsa anthu ntchitoyi.

Zinthu zinasintha msanga kuyambira mu Okutobala 2017, pamene manyuzipepala a ku America anaulula madandaulo a amayi ambiri okhudza nkhanza zogonana zimene Harvey Weinstein, mkulu wopanga mafilimu, ankawachitira. Amayi a m'mayiko osiyanasiyana anayamba kufotokoza zimene anakumana nazo pantchito, pansi pa mawu akuti MeToo, kutanthauza kuti nanenso zinandichitikira. Mu 2018 wosewera wina, Emily Meade, amene ankasewera ngati mayi woyendayenda mu sewero la pa kanema lotchedwa The Deuce, anapempha mabwana a kampani ya HBO kuti pazikhala munthu womuteteza pojambula magawo ovuta. Kampaniyo inalemba ntchito Alicia Rodis, ndipo chaka chomwecho inalengeza kuti masewero ake onse okhala ndi magawo otere azikhala ndi mkhalapakati. Onani, mtsikana mmodzi anafunsa ndipo anzake ambiri anapindula. Paja akuluakulu amati safunsa anadya phula.

Mu 2020 bungwe la osewera mafilimu ku America, SAG-AFTRA, linatulutsa malamulo a kagwiridwe ka ntchitoyi. Ku Britain mayi wodziwika pa ntchitoyi ndi Ita O'Brien. Iyeyu anathandiza pa sewero la pa kanema la I May Destroy You, limene limakamba za kugwiriridwa. Michaela Coel, amene analilemba ndi kulisewera potengera zimene zinamuchitikira yekha, atalandira mphoto ya BAFTA mu 2021 anaipereka mwaulemu kwa Ita O'Brien pomuthokoza.

Nanga opera ndi chiyani?

Opera ndi sewero limene osewera amaimba mawu awo m'malo molankhula, motsagana ndi gulu lalikulu la zoimbira. Linayambira ku Italy zaka zoposa 400 zapitazo. Masewero ambiri otchuka a mtunduwu ali ndi nkhanza kwa amayi. Don Giovanni, limene Mozart anapeka mu 1787, limayamba ndi mwamuna amene walowa usiku m'chipinda cha mayi wina. Mu Tosca, la Puccini la mu 1900, mkulu wa apolisi akukakamiza mayi kuti agone naye ngati akufuna kupulumutsa chibwenzi chake. Woimba amafunika kupuma bwino kuti mawu amveke holo yonse, choncho kumufinya pachifuwa kapena kumugwetsa mosayembekezera kukhoza kumuwonongera nyimbo. Komanso oimba amachokera m'mayiko osiyanasiyana, mwina angodziwana masiku ochepa, kenaka akumbatirane usiku ndi usiku pamaso pa anthu. Mu 2022 nyumba yaikulu ya opera ku London, Royal Opera House, inaitana Ita O'Brien kuti athandize pokonza sewero loimba la Handel lotchedwa Theodora.

Kodi mkhalapakati amachita chiyani?

Amene anayambitsa ntchitoyi anaiika pa mizati isanu. Ndiifotokoza m'mawu athu.

1. Kumvetsa nkhani. Gawo limeneli likufunikiranji? Likuuza oonera chiyani? Ngati yankho ndi lakuti anthu aseke basi, ndiye kuti gawolo tiliganizirenso.

2. Kulankhulana. Wotsogolera afotokoze momveka zimene akufuna, potchula ziwalo ndi maina ake enieni, osati mophiphiritsa. Mkhalapakati amakumana ndi wosewera aliyense payekha, chifukwa munthu savutika kukana pamene bwana palibe.

3. Chilolezo. Wosewera aliyense amanena malo amene akulola kugwidwa ndi amene sakulola. Chilolezo chimachokera kwa mwini thupi. Wotsogolera akhoza kulamula kuti gawo liyambe, koma alibe mphamvu yopereka thupi la munthu wina. Ku America wosewera amayenera kulandira pepala lofotokoza za kuvula kapena kuyerekeza kugonana maola 48 tsiku lojambula lisanafike, kuti aganize mofatsa. Ndipo amene wavomera lero ali ndi ufulu wosintha maganizo mawa.

4. Kukonza mayendedwe. Gawo lonse amalikonza ngati gule: dzanja likhala paphewa, mphindi zingati, kenaka lichoka. Akagwirizana amalemba, ndipo tsiku la sewero palibe kuwonjeza. Pojambula filimu amavala zovala zapadera zofanana ndi khungu, amaika kansalu kokhuthala pakati pa matupi, ndipo m'chipindamo mumatsala anthu okhawo ofunikira.

5. Kutseka. Gawo likatha osewera amachita kachizindikiro, monga kuombana m'manja, kosonyeza kuti zasewero zathera pomwepo, aliyense wabwerera kukhala mwini wake. Izi zimathandiza kuti wina asamayese kuti kukumbatirana kwa pa sewero ndi chiyambi cha chibwenzi.

Si onse amene amagwirizana nazo

Mu 2022 wosewera wina wotchuka wa ku Britain, Sean Bean, ananena kuti mkhalapakati akhoza kuwononga kukoma kwa gawo lachikondi chifukwa zonse zimaoneka zochita kukonza. Osewera angapo aakazi anamutsutsa poyera. Alipo osewera ena, amuna ndi akazi omwe, amene amati iwo safuna munthu wachitatu pakati pawo. Maganizo anga ndi awa: amene amanena choncho kawirikawiri amakhala anthu otchuka kale, oti akakana chinthu aliyense amamva. Nanga mtsikana wa zaka 19 amene akuopa kuti akakana amuchotsa? Nanga wa Fomu 2 amene wangolowa kumene kalabu ndipo wotsogolera ndi mkulu wa mnzake? Lamulo limaikidwa kuti liteteze wopanda mphamvu. Komanso anyamata musaganize kuti izi n'za atsikana okha. Mnyamata amene wapatsidwa gawo la wogwiririra naye amavutika mumtima, ndipo akadziwa malire ake enieni amasewera momasuka, osaopa kuti mawa amunena.

Ife tingatengepo chiyani?

Kalabu yathu ilibe ndalama zolembera katswiri, ndipo masewero athu alibe kuvula. Komabe timachita masewero a kugwiririra, kulowa kufa, maukwati a ana ndi zidyamakanda, ndipo oonera ndi makolo athu, aphunzitsi athu ndi abusa athu. Wosewera wa ku London akamaliza amakwera galimoto n'kupita kwawo. Wosewera wathu mawa lake akumana ndi oonera aja pamjigo. Choncho kwathu tinagwirizana izi:

Sewero lililonse tisankhe munthu mmodzi, osati wotsogolera, woti aziyang'anira magawo ogwirana. Akhale munthu amene atsikana ndi anyamata omwe amamukhulupirira. Matironi kapena patironi akhoza kuthandiza.

Tisanayambe kuyeserera, osewera awiriwo aime moyang'anana ndipo aliyense aloze pathupi pake kuti apa ndalola, apa ayi. Wokana asafunsidwe chifukwa.

Tisankhe mawu amodzi oimitsira. Ife tinasankha akuti "chitseko". Wina akangotero zonse zimaima, popanda kuseka kapena kunyinyirika.

Gawo lachikondi kapena lankhanza lisayesereredwe ndi anthu awiri okha, kapena kukada.

Zimene tayeserera ndi zomwezo tikaonetse. Wowonjeza zake pathupi la mnzake sachita nawo sewero lotsatira.

Tizifunafuna njira zina zonenera nkhani yomweyo. Sewero lathu lija tinalikonzanso. Tsopano bambo wa golosale amatseka chitseko, mtsikana amabwerera m'mbuyo, ng'oma imalira kamodzi, ndipo onse amaima chilili. Palibe amene amagwira mnzake. Titalionetsa kumudzi woyandikana nawo, bwalo lonse linangoti zii, ndipo pa nthawi ya mafunso amayi analankhula kuposa kale lonse. Ulendo woyamba uja anthu anaseka, ndipo uthenga unathawira m'phwetemo.

Zochita pa msonkhano wa kalabu

Khalani awiriawiri. Mmodzi afunse, "Ndingakugwire paphewa?" Winayo ayankhe kuti ayi, ndipo wofunsayo anene kuti zikomo. Sinthanani. Bwerezani katatu, kenaka wina aliyense ayankhe zimene akufunadi. Mukatha kambiranani kuti chovuta kwambiri chinali chiti, kukana kapena kukanidwa. Luso limeneli silithera pa sewero. Munthu amene wazolowera kufunsa ndi kumva yankho pa kalabu adzafunsanso pachibwenzi ndi m'banja, kaya ndi nkhani yodikira, ya kondomu kapena yokayezetsa magazi.

Mafunso okambirana

1. Kodi mu kalabu yanu amasankha ndani zimene zichitike pa gawo logwirana? Osewerawo amafunsidwa?

2. N'chifukwa chiyani Maria Schneider zinali zovuta kuti akane tsiku limene ankajambula? Tchulani zinthu zimene zimapatsa munthu mphamvu pa mnzake m'gulu lanu.

3. Mnzanu wavomera gawo Lolemba, koma Lachisanu akuti sakufunanso, ndipo sewero ndi Loweruka. Mungatani?

4. Oonera akamaseka pa gawo la kugwiririra, ndiye kuti sewero layenda bwino?

5. Alipo amene anasiya kubwera ku kalabu yanu osanena chifukwa? Ndani angapite kukamuona?

Za mtsikana uja, ndinapepesa kwa iye ndi kwa amayi ake, ndipo mnyamata uja anapepesanso pamaso pa matironi. Sanabwererenso ku zisudzo, ndipo sitinamukakamize. Koma titamupempha kuti akhale woyang'anira magawo ogwirana, anavomera. Panopa ndi iyeyo amene amasunga kope lolembamo zimene osewera agwirizana, ndipo akati gawo liime, ngakhale ine wotsogolera ndimaima.

Mukayesa njirazi ku kalabu kwanu, tilembereni kudzera kwa patironi wanu kuti timve mmene zayendera.