MKONONO WOBANIKITSA NDI CHIPANGIZO CHOKOKERA NSAGWADA KUTSOGOLO

Phunziro la mwezi uno likunena za chinthu chimene ambiri a ife timachiyesa nthabwala, ndicho mkonono. Munthu woliza mkonono amasekedwa pamudzi, kumaliro anzake ogona naye pabwalo amasuntha mphasa zawo, ndipo nkhani imathera pomwepo. Nzoona kuti mkonono wambiri ulibe choipa china koposa kusowetsa anzathu tulo. Koma ulipo mtundu wina umene uli matenda enieni, ndipo ukhoza kufupikitsa moyo wa munthu mwakachetechete. Tiona chimene chimachitika pakhosi pa munthu wotere, kenaka tiphunzire za kachipangizo kovala m'kamwa usiku kamene madokotala a mano amapanga pofuna kumuthandiza.

Mkonono umachokera kuti?

Mpweya umene timapuma umadutsa m'mphuno kapena m'kamwa, nutsikira kummero usanafike m'mapapo. Kunsi kwa khosi njira ya mpweyayi ndi yolimba, pakuti ili ndi timafupa tofewa tonga mphete, ndipo mukhoza kutikhudza ndi chala pakhosi panu. Koma chigawo cha kumwamba, kuseri kwa lilime, chilibe fupa lochigwira. Ndi mnofu wokhawokha, ndipo chimakhala chotseguka chifukwa minofu yake imakhala yokungika pamene munthu ali maso. Munthu akagona tulo minofuyo imalefuka. Lilime limagwera m'mbuyo, makamaka ngati wagona chagada, ndipo njira imachepa. Mpweya podutsa pamalo opanikizikawo umagwedeza minofu yofewa monga momwe mphepo imagwedezera chitenje choyanikidwa pa chingwe. Phokoso lakelo ndilo mkonono.

Kwa anthu ena njira ija imatsekekeratu. Chifuwa ndi mimba zimapitiriza kukoka, koma mpweya sulowa. Mkonono umaduka, m'nyumba muli zii, masekondi 10, mwina 30, nthawi zina kupitirira mphindi yathunthu. Mpweya wa okosijeni umachepa m'magazi, ubongo umamudzutsa munthuyo pang'ono, iye amakoka mpweya mwamphamvu ngati wotsamwa, n'kugonanso. Kukacha sakumbukira kanthu. Madokotala amatchula matendawa kuti sleep apnoea, ndiko kunena kuti kubanika m'tulo. Powayesa amawerenga kuti kupuma kwaima kapena kwachepa kangati pa ola limodzi. Kuyambira kasanu mpaka ka 14 amati matenda ndi ochepa, ka 15 mpaka ka 29 ndi apakatikati, ndipo ka 30 kapena kuposerapo ndi aakulu. Taganizirani munthu wodzutsidwa ka 30 pa ola lililonse, usiku wonse, chaka ndi chaka.

Matendawa si a anthu ochepa. Akatswiri amene anasonkhanitsa ziwerengero za maiko ambiri analengeza m'chaka cha 2019 kuti anthu pafupifupi 936 miliyoni a zaka za pakati pa 30 ndi 69 pa dziko lonse ali nawo, ndipo mwa iwowa 425 miliyoni ali ndi apakatikati kapena aakulu. Amagwira kwambiri amuna, anthu onenepa, a khosi lalikulu, a chibwano chaching'ono chobwerera m'mbuyo, ndiponso amayi amene anasiya kusamba. Mowa umawakulitsa, chifukwa umalefula minofu koposa.

Munthu wobanika m'tulo amadzuka ali wotopa ngakhale wagona usiku wonse. Mutu umamuwawa m'mawa, kukamwa kumauma, amadzuka kawirikawiri kukataya madzi usiku, amaiwalaiwala, sachedwa kupsa mtima, ndipo masana amasinza paliponse: pamsonkhano, m'tchalitchi, pa benchi ya chipatala. Anthu amamunena ulesi. Koma mkati mwa thupi mtima ukuvutika, pakuti nthawi iliyonse imene wabanika magazi amathamanga mwadzidzidzi. M'kupita kwa zaka zimenezi zimathandizira kudzetsa matenda a kuthamanga kwa magazi, a mtima ndi ofa ziwalo, ndipo zimayendera limodzi ndi matenda a shuga. Woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto akakhala ndi vutoli, ngozi yake imakhudzanso onse amene wawanyamula.

Makina opopa mpweya

Chithandizo champhamvu koposa zonse ndi makina otchedwa CPAP, amene Dokotala Colin Sullivan wa ku Sydney, m'dziko la Australia, anawalengeza m'chaka cha 1981. Wodwala amavala chophimba pamphuno, ndipo makinawo amakankha mpweya pang'onopang'ono usiku wonse kuti njira isatsekeke. Amayi ena amene anagonapo m'chipatala ndi mwana wobadwa masiku asanakwane anaona timakina ta mtundu womwewu tothandiza makanda kupuma. Koma a munthu wamkulu ndi okwera mtengo, amafuna magetsi usiku uliwonse, ndipo ngakhale ku maiko kumene magetsi sasowa anthu ambiri amawasiya chifukwa chosazolowera chophimbacho. Ndicho chifukwa chake njira yachiwiri ili yofunika kuidziwa.

Nsagwada ndi lilime zimayendera pamodzi

Mnofu waukulu wa lilime unamera pa fupa la nsagwada ya pansi, kuseri kwa chibwano. Choncho nsagwada ikapita kutsogolo, lilime limatsatira, ndipo minofu ya m'mbali mwa mmero imakungika. Anamwino ndi onse amene anaphunzira chithandizo choyamba amadziwa zimenezi, pakuti munthu akakomoka amamukankhira nsagwada kutsogolo kuti lilime lisamutseke. Inunso mukhoza kuyesa lero lomwe. Gonani chagada, lekererani nsagwada, ndipo yesani kuliza mkonono mwadala. Kenaka tulutsani nsagwada ya pansi kufikira mano a pansi atapitirira a kumwamba, muyesenso. Ambiri amapeza kuti phokoso lija lachepa kapena lakanika kutuluka.

Vuto ndi lakuti munthu ali m'tulo sangathe kudzigwira yekha nsagwada. Nzeru yopangira chinthu choigwira ndi yakale ndithu. M'chaka cha 1902 Pierre Robin, dokotala wa matenda a m'kamwa wa ku France, anapanga chipangizo chothandiza ana a nsagwada yaing'ono. Kuthandiza akuluakulu obanika m'tulo ndi zovala m'kamwa kunayamba kufala m'zaka za m'ma 1980. Zipangizo zoyambazo zinali chibuma chimodzi chomanga mano a pansi ndi a kumwamba pamodzi, ndipo dokotala akalakwitsa muyeso panalibenso kuchitira mwina koma kupanga china.

Za masiku ano zili ndi zigawo ziwiri za pulasitiki yolimba. Chimodzi chimavekedwa pa mano a kumwamba, china pa mano a pansi, ndipo ziwirizi zimalumikizidwa ndi kasikuluu, timitengo tachitsulo ta m'mbali, kapena timalamba tosinthasintha. Popanga, dokotala wa mano amadinda mano a wodwalayo m'phala lofewa kuti apeze chikombole chake, monga momwe woumba njerwa amayambira ndi chikombole. M'zipatala zina amajambula manowo ndi kamera yolumikizidwa ku kompyuta. Chipangizocho chimakwana m'kamwa mwa munthu mmodzi yekhayo. Mano a kumwamba ndiwo chikhomo, ndipo a pansi ndiwo amakokedwa.

Chifukwa chake chiyenera kukhala chosinthika

Apa ndipo pagona luso lonse. Munthu wamkulu akhoza kutulutsa nsagwada yake kutsogolo pafupifupi sentimita imodzi, ena kupitirira pang'ono, ena kuchepera. Mukaikoka pang'ono kwambiri, njira ya mpweya sitseguka ndipo mwangovutika chabe. Mukaikoka kwambiri tsiku loyamba, mfundo ya nsagwada, imene ili patsogolo pa khutu, imawawa koopsa, ndipo wodwala amataya chipangizocho pansi pa bedi sabata isanathe. Palibe dokotala angadziwiretu pongoyang'ana kuti malo oyenera a munthu uyu ndi awa.

Motero amayamba ndi theka la mtunda umene nsagwadayo ingathe kufika, kapena kupitirira theka pang'ono. Wodwala amagona nacho masiku angapo kuti minofu izolowere. Kenaka kasikuluu kaja kamapotolozedwa ndi kakiyi, nsagwada n'kusendera theka la milimita kapena milimita imodzi, ndipo amadikiranso. Amapitiriza chomwecho kwa masabata angapo, mwina miyezi iwiri kapena itatu, kufikira mkonono utatha ndi kusinza kwa masana kutachepa, kapena kufikira nsagwada itayamba kudandaula. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wodwala wopupuluma, amene amapotoloza yekha kasikuluu kanayi usiku umodzi, amadzipweteka.

Mkonono ukatha si ndiye kuti kubanika kwatha. Munthu akhoza kukhala chete koma akubanikabe, choncho kumene kuli zida zake amamuyesanso m'tulo atavala chipangizocho. M'chaka cha 2015 mabungwe awiri a ku America, la madokotala a matenda a tulo ndi la madokotala a mano oona za tulo, anagwirizana pa malangizo akuti chipangizo choyenera ndi chopangidwa pa muyeso wa mano a wodwalayo, chosinthika, ndipo choikidwa ndi dokotala wa mano wodziwa ntchitoyi. Chimathandiza bwino a mkonono wamba ndi a matenda ochepa kapena apakatikati, ndiponso a matenda aakulu amene alephera makina. Mphamvu zake sizifika pa za CPAP, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse sapeza nacho thandizo lokwanira. Komabe anthu amapirira nacho kuposa makina. Sichifuna magetsi, sichilira, ndipo chimakwana m'thumba la malaya pa ulendo.

Walira mvula walira matope

Masiku oyamba malovu amachuluka, ena kukamwa kumawauma, mano ndi nsagwada zimawawa pang'ono. M'mawa pochivula mano sakumana bwino, ndipo pamatenga kanthawi kuti nsagwada ibwerere pamalo pake; dokotala amaphunzitsa kaseweretsedwe kake kapena kupereka kapulasitiki koluma m'mawa. Zambiri mwa izi zimatha. Chimene sichitha ndi ichi: pakapita zaka mano amasendera pang'ono, a pansi kutsogolo ndi a kumwamba m'mbuyo, ndipo kalumidwe ka munthu kamasintha. Chifukwa cha ichi wovala chipangizochi ayenera kuonedwa ndi dokotala wa mano pakatha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pambuyo pake kamodzi pa chaka.

Ukhondo wake ndi wosavuta. Tsukani mano musanachivale. M'mawa chitsukeni ndi madzi ozizira, sopo ndi mswachi wakewake, chiume, ndipo muchisunge m'kabokosi kotseka. Madzi otentha amachipinda. Agalu amachikonda chifukwa cha fungo la malovu, ndipo akachipeza amachitafuna. Kubwerekana nkosayenera konse.

Zilipo zina zotsika mtengo zogulitsidwa m'masitolo a mankhwala a kunja ndi pa intaneti, zimene munthu amaviika m'madzi otentha kenaka n'kuluma kuti zitenge maonekedwe a mano. Mbale wanu wa ku Johannesburg akhoza kukutumizirani chotere ndi mtima wabwino. Poyerekeza ndi zopangidwa ndi dokotala, zimenezi zimathandiza mochepa ndipo zimavuka m'kamwa usiku. Choopsa chake ndi chakuti zikhoza kuchepetsa phokoso, banja n'kuyesa kuti matenda atha, pamene mtima ukupwetekabe. Musavale chotere musanaonetse mano anu ku chipatala.

Popanda mano palibe chogwira

Mfundo iyi ndiyo ikutikhudza kwambiri ife a kumudzi. Chipangizochi chimakangamira pa mano usiku wonse, ndipo kuti chigwire pamafunika mano olimba osachepera 8 kapena 10 pa nsagwada iliyonse. Munthu wa mano ogwedera, wa nkhama zotupa ndi zotuluka magazi, wa mano obooka osasamalidwa, kapena wa mfundo ya nsagwada yowawa, sangachivale kufikira atachiritsidwa, ndipo wina sangachivale konse. Tsono chizolowezi chathu ndi chodikira dzino mpaka tsaya litatupa, ndipo pofika ku chipatala palibenso chochita koma kulichotsa. Dzino lililonse lochotsedwa pa zaka 30 likuchepetsa mwayi wa chithandizochi pa zaka 50, zaka zimene mkonono umakula.

Chipangizochi sichipangidwa pa chipatala chaching'ono, chifukwa chimafuna dokotala wa mano ndi mmisiri wake. Madokotala a mano m'dziko muno ndi ochepa kwambiri, ndipo maphunziro awo a digiri anayamba m'chaka cha 2019 pa sukulu imene tsopano ili Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow. Koma kuyeza mano, kuwatsuka ndi kumata obooka kumachitika pa chipatala cha boma, ndipo mswachi uli m'manja mwanu m'mawa ndi madzulo.

Pobwera ku chipatala

Wobanika m'tulo sadziona yekha, choncho mboni ndi inu amene mumagona naye chipinda chimodzi. Mayi, amuna anu akamaliza mkonono umene umadukiza, mvetserani usiku ungapo. Werengani kuti kupuma kukuima nthawi yaitali bwanji ndiponso kangati, ndipo mubwere nawo limodzi kudzafotokozera adokotala. Bambo, chimodzimodzi kwa akazi anu, makamaka akakhala oyembekezera. Pemphani kuti muyezedwe kuthamanga kwa magazi, shuga ndi kulemera kwa thupi. Ngati mukumwa kale mankhwala a kuthamanga kwa magazi koma sakutsika, tchulani za mkononowo. Adokotala akaona kuti nkofunika adzakutumizani ku chipatala cha boma kapena chachikulu. Amene amasinza pa chiwongolero aleke kuyendetsa kufikira ataonedwa.

Mwana woliza mkonono usiku uliwonse, wogona kukamwa kuli yasa, nkhani yake ndi ina. Kawirikawiri amakhala ndi timinofu ta kummero ndi kuseri kwa mphuno totupa, ndipo chipangizo cha akuluakuluchi si chake, pakuti nsagwada zake zikukulabe. Bwerani naye kusikelo.

Podikira zonsezi, wonenepa achepetse thupi, pakuti ngakhale makilogalamu ochepa amathandiza. Mowa, makamaka wa madzulo, fodya ndi mankhwala ogonetsa ogula pa msika zisiyidwe, ndipo mphuno yotsekeka nthawi zonse ionetsedwe kwa adokotala. Gonani chammbali. Amene amabwerera chagada m'tulo asokere kathumba kumsana kwa malaya ogonera, pakati pa mapewa, ndipo aikemo chitsononkho cha chimanga. Akatembenuka chimamubaya pang'ono, iye n'kubwerera chammbali osadzuka.