Chitofu cha Gasi Chimene Chinafika Kwathu ku Ulongwe

Anzanga, pa tchuthi chapitachi kwathu kunachitika kanthu kamene kakanatisiya opanda nyumba. Ndaganiza zokalemba m'magazini yathu ino chifukwa ambiri a ife tidzakhala m'nyumba zophikira gasi tikadzatsiriza sukulu, ndipo ena muli nazo kale.

Kwathu ndi ku Ulongwe, m'boma la Balaka, pa mseu wochokera ku Liwonde kupita ku Mangochi. Aliyense amene anayendapo mseu umenewu anaona matumba a makala ataimikidwa m'mbali mwake. Anganga amatiuza kuti pa utsikana wawo mitengo ya tsanya inali pafupi ndi mudzi, koma lero wofuna nkhuni zabwino ayenera kulawira m'mamawa. M'dziko muno mabanja oposa 9 mwa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala. Magetsi nawo sitingawadalire masiku onse, monga tinaonera mu 2022 pamene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire. Amayi anga akhala akuphika mu utsi zaka zambiri, ndipo maso awo amafiira ndiponso amatsokomola kawirikawiri.

Chifukwa chake achimwene anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg, atatsiriza kuwamangira amayi nyumba ya malata, anatumiza chitofu cha gasi. Sichinali cha miyendo ayi, komanso sichinali kambaula kaja komangirira pamwamba pa silinda. Chinali chophwatalala ngati thireyi, cha mafuwa anayi, chopangidwa kuti chilowe m'bowo la pa tebulo la m'khitchini ndi kukhala momwemo.

Usiku umene tinatsala pang'ono kupsa

Mmisiri amene anamanga tebulo la njerwa ndi simenti anati iye angathenso kulumikiza gasi, pakuti ndi ntchito ya mwana. Analowetsa paipi ya mphira, naimanga ndi waya, nayatsa moto, ndipo tonse tinaomba m'manja. Madzulo amenewo tinadya nsima ya pa gasi, tinatseka mazenera poopa udzudzu, ndipo tinakagona.

Pakati pa usiku amayi anandidzutsa nati, "Iwe, tadzuka. Kodi chikununkhachi n'chiyani? Kapena khoswe wafera m'khitchini?" Nditatsegula chitseko cha khitchini ndinamva fungo longa la mazira owola. Pomwepo mng'ono wanga anatambasula dzanja kuti ayatse getsi. Ndinamgwira mkono mwamphamvu mpaka analira, chifukwa ndinakumbukira mawu a aphunzitsi athu a sayansi akuti swichi imatulutsa kamoto kakang'ono m'kati mwake. Tinatulutsa anganga ndi ana onse, ndinatseka gasi pa silinda mofufuza mu mdima, ndinatsegula zitseko ndi mazenera, ndipo tinakhala pabwalo mpaka kunacha.

M'mawa amayi anati, "Chinthu ichi chichoke m'nyumba mwanga. Makala sanandithamangitsepo usiku." Ine ndinawapempha kuti, "Amayi, tayambani mwadikira, tipeze munthu amene anaiphunzira ntchitoyi." Achimwene atamva pa lamya anatumiza ndalama, ndipo patapita masiku awiri kunabwera mmisiri wa gasi weniweni wochokera m'tauni. Ndinakhala pambali pake tsiku lonse ndi kope langa, pakuti safunsa anadya phula. Zimene ndilembe apa ndi zimene iye anandionetsa pamodzi ndi zimene tinaphunzira m'kalasi.

Kodi gasi ameneyu ndi wotani?

Gasi wa m'silinda amatchedwa LPG, ndipo m'menemo muli mipweya iwiri, propane ndi butane. Amachokera kumene amayenga mafuta a galimoto ndi ku zitsime za gasi wa pansi pa nthaka. Kuno kwathu sitimupanga, amachita kubwera kuchokera kunja. M'silinda amakhala wa madzimadzi chifukwa chopanikizidwa, ndipo mukagwedeza silinda mudzamva akukhuthukira uku ndi uku. Akatuluka amasanduka mpweya, ndipo lita imodzi ya madziwo imapereka malita pafupifupi 250 a mpweya. N'chifukwa chake kabowo kakang'ono kangathe kudzaza chipinda. Odzaza silinda amasiya malo, sadzaza kupitirira magawo 80 pa 100, kuti gasi akatenthedwa apeze pofutukukira. Ife a ku Ulongwe, amene timadziwa dzuwa la mwezi wa Okutobala, tiyenera kusamala kwambiri pamenepa.

Pali zinthu ziwiri zimene ndifuna muzisunge pamtima. Choyamba, gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma. Akatuluka sakwera kudenga monga utsi, koma amatsika ndi kuyenda pansi ngati madzi, nadzaza m'makabati ndi m'maenje. Munthu wogona pa mphasa ndiye amayamba kumpeza. Magawo awiri okha a gasi pa magawo 100 a mpweya ndi okwanira kuti agwire moto.

Chachiwiri, gasi payekha alibe fungo. Fungo loipa lija amachita kuthiramo dala kuti litichenjeze. Mwambo umenewu unakhazikika pambuyo pa tsoka la pa sukulu ngati yathu ino. Mu 1937, pa sukulu ya New London m'chigawo cha Texas ku America, gasi wopanda fungo anadzaza kunsi kwa nyumba ya sukulu popanda wodziwa. Kamoto ka makina a magetsi kanamuyatsa, ndipo ana a sukulu ndi aphunzitsi pafupifupi 300 anafa. Chaka chomwecho ku Texas anaika lamulo lakuti gasi azithiridwa fungo. Tsono fungo limene linadzutsa amayi anga linagulidwa ndi miyoyo ya ana anzathu.

Kaikidwe kake ka chitofu

Mmisiri uja anayamba ndi kuitanitsa kabuku kamene kanabwera ndi chitofu, ndipo tinakapeza mng'ono wanga atayamba kale kujambulamo nkhuku. M'menemo muli miyeso ya bowo la pa tebulo ndi mpata umene uyenera kutsala pakati pa chitofu ndi khoma, ndiponso pamwamba pake. Zitofu zimasiyana, choncho miyeso ya mnzako si yako. Tebulo liyenera kukhala lolimba, loongoka bwino ndi losagwira moto. M'mphepete mwa bowo amaikamo kachingwe ka mphira kuti madzi ndi msuzi zisatsikire kunsi, ndipo chitofu amachigwiritsa ndi tizitsulo kuti chisasunthe pamene mukuvundula nsima.

Chitofu chisakhale pansi pa zenera lokhala ndi katani, kapena pamene mphepo imawomba, chifukwa ingazime moto gasi n'kumatulukabe. Komabe khitchini ikhale yolowa mpweya, ndipo ikhale ndi timabowo m'munsi mwa khoma, pakuti tanena kuti gasi amatsika.

Kenaka anamasula fuwa limodzi nandionetsa kachitsulo kofiirira kokhala ndi kabowo ngati ka singano, kamene gasi amatulukira. Anati zitofu zambiri zimabwera ndi mitundu iwiri ya tizitsulo timeneti. Tina ndi ta gasi woyenda m'mapaipi, amene amagwiritsidwa ntchito m'mizinda ya ku Ulaya, ndipo tili ndi mabowo aakulu. Tina ndi ta gasi wa m'silinda, ta mabowo aang'ono. Mukaika ta mabowo aakulu pa gasi wathuyu, moto umakula moopsa, umakhala wachikasu ndipo umadetsa miphika. Iye wagula chitofu kunja ayenera kufunsa za ichi asanayatse. Chathu chinali ndi tizitsulo toyenera.

Pamutu pa silinda pamakhala regulator, chipangizo chochepetsa mphamvu ya gasi kuti afike ku chitofu mofatsa. Kuchokera pamenepo gasi amayenda m'paipi yopangidwira gasi basi. Paipi yothirira dimba kapena ya mafuta a galimoto siloledwa, chifukwa gasi amaidya pang'onopang'ono. Paipiyo ikhale yaifupi, yosapitirira mamita awiri, yosapindika ndi yosakhudza malo otentha, ndipo mbali zonse ziwiri imangidwe ndi tizitsulo tomanga ndi sikuluwu. Apa ndi pamene panali tsoka lathu: waya uja anadula mphira, ndipo gasi ankatulukira pomwepo.

Silinda yathu inali m'kabati yotsekeka kunsi kwa chitofu. Mmisiri anaitulutsa naiika kunja kwa khoma, pamthunzi, m'kanyumba ka zitsulo kolowa mphepo kokhala ndi loko, kutali ndi zenera ndi ngalande. Pobowola khoma anadutsitsa paipi ya mkuwa, osati ya mphira, ndipo m'khitchini anaika kampopi kotsekera gasi pamalo ofikirika. Silinda imaimirira nthawi zonse. Mukaigoneka, kumatuluka gasi wa madzi m'malo mwa mpweya.

Potsiriza anasungunula sopo m'kapu, napaka thovu pa malo onse olumikiza, natsegula gasi. Pamene pakutuluka gasi thovu limafufuma ngati la mwana wosewera. Anayesa ndi paipi yakale ija kuti amayi aone ndi maso awo, ndipo thovu linafufuma. Atayesa yatsopano silinagwedezeke. Munthu asayese konse kufunafuna potulukira gasi ndi machesi.

Kaphikidwe ka tsiku ndi tsiku

Poyatsa, kankhani chotembenuzira, muchitembenuze, ndipo muchigwire kanthawi moto utayaka. Zitofu zambiri za masiku ano zili ndi kachitsulo pambali pa fuwa kamene kakatentha kamalola gasi kuyenda, ndipo moto ukazima kamazizira n'kutseka gasi. Koma si zonse zili nako, tsono funsani pogula. Magetsi akazima mungathe kuyatsa ndi machesi, koma muyambe mwayatsa machesiwo, kenaka mutsegule gasi. Moto ukakana, tsekani, dikirani kuti gasi abalalike, ndipo muyesenso.

Yang'anani mtundu wa moto. Moto wabwino ndi wobiriwira ngati thambo, ndi wosagwedera. Moto wachikasu ukutanthauza kuti gasi sakupsa bwino, kapena chifukwa timabowo tatsekeka ndi phala, kapena chifukwa mpweya wachepa. Moto wotere umatulutsa carbon monoxide, mpweya womwe uja umene umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka mwezi wa Juni. Ulibe fungo, umayamba ndi mutu ndi chizungulire. Chifukwa chake musawothe chitofu nthawi yozizira, ndipo potsegula gasi tsegulaninso zenera.

Mphika ukhale wolingana ndi fuwa, ndipo moto usatuluke m'mbali mwake, pakuti kumeneko n'kutaya ndalama. Zigwiriro ziloze m'kati kuti mwana asakoke. Musasiye mkaka kapena phala pamoto ndi kupita kukatunga madzi, chifukwa zikasefukira zimazima moto. Mafuta akagwira moto m'chiwaya, tsekani gasi ndi kuvundikira ndi chivundikiro. Musathire madzi. Mukatha kuphika, makamaka usiku, tsekani pa silinda. Nthawi ndi nthawi yang'anani paipi, chifukwa imakalamba ndi kung'aluka, ndipo makoswe amaitafuna.

Gasi mugule kwa anthu okhala ndi chiphaso cha MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi, mafuta ndi gasi. Pa silinda pamalembedwa kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu, tsono muipimitse pa sikelo kuti muone ngati mwalandira makilogalamu amene mwalipira. Silinda ya dzimbiri kapena yopindika muikane. Kuthira gasi mwachinyengo n'koopsa: mu Febuluwale 2024, ku Embakasi mu mzinda wa Nairobi, gasi anaphulika pa malo othirira masilinda opanda chilolezo, anthu anafa ndipo oposa 200 anavulala.

Ndipo mukamva fungo lija, chitani monga tinachitira ife. Musayatse machesi kapena kandulo, musakhudze swichi iliyonse, kaya kuyatsa kaya kuzima. Tulutsani anthu, tsekani pa silinda, tsegulani zitseko ndi mazenera, ndipo lamya mukaimbire panja. Musayatsenso mpaka wodziwa ataona.

Mmene zinathera

Mmisiri atapita, amayi anakhala masiku atatu osachikhudza chitofu. Tsiku lachinayi kunagwa mvula m'mamawa ndipo nkhuni zonse zinanyowa. Ndili chigonere ndinamva akusungunula sopo m'kapu. Anapaka okha thovu pa paipi, anayang'anitsitsa, kenaka anayatsa. Tiyi anapsa ine ndisanatsirize kusamba.

Sindikunena kuti gasi wathetsa zonse. Kudzaza silinda kumafuna ndalama zambiri nthawi imodzi, pamene makala munthu amagula kamulu ka tsiku limenelo. Ulendo wokadzazitsa nawo ndi wautali. Nyemba amayi amazinyika m'madzi usiku kuti zisadye gasi wambiri, ndipo mphika waukulu wa thobwa ukadali pa mafuwa a panja. Anganga mpaka lero amati nsima ya pa gasi siikhalitsa m'mimba, ngakhale sindinawaone akusiyako. Koma chifuwa cha amayi chachepa, ndipo mlongo wanga wamng'ono, amene ankachedwa ku sukulu chifukwa chokoleza moto, tsopano amafika belu lisanalire.

Tsiku lobwerera kuno ku sukulu ndinalemba malamulo aja pa pepala ndi kulimata pa khoma la khitchini. Mng'ono wanga ndiye anapatsidwa udindo woona kuti pa silinda patsekedwa usiku uliwonse, ndipo amayi andiuza pa lamya kuti sagona asanakaone.

Wophunzira wa Fomu 3