Mutu 9: Nthano ndi Kukhwima kwa Nzeru za Mwana

M'makomboni a m'mafamu ndi m'migodi ya muno mu Zimbabwe, makolo athu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ankasimba nthano madzulo, ntchito itatha. Wosimba ankati, "Padangokhala," omvera n'kuvomera kuti, "Tili tonse." Anzathu olankhula Chishona nawonso amati "Paivapo," ena n'kuyankha kuti "Dzepfunde." Mwambowu umasangalatsa, komanso umasula nzeru za mwana.

Maluso atatu odzilamulira

Akatswiri a kakulidwe ka ana amatchula maluso atatu amene amathandiza munthu kuwongolera maganizo ndi zochita zake. Loyamba ndi kusunga zinthu m'mutu pamene akuzigwiritsa ntchito. Lachiwiri ndi kudziletsa. Lachitatu ndi kutha kusintha kaganizidwe zinthu zikasintha. Malusowa amakula mofulumira mwana akakhala wa zaka zapakati pa 3 ndi 6, ndipo amadalira kwambiri mbali ya ubongo imene ili kuseri kwa chipumi. Mbaliyi imapitirizabe kukhwima ngakhale munthu atapitirira zaka 20.

Pa msinkhu womwewo m'pamenenso luso losimba limakula. Mwana wa zaka 3 amangotchula zinthu modumphadumpha. Wa zaka 4 amayamba kuzilumikiza ndi mawu oti "kenako". Pofika zaka 5 kapena 6, nkhani yake imayamba kukhala ndi chiyambi, vuto ndi mathero.

Chitsanzo: Kalulu ndi chitsime

Taganizirani mwana amene akusimba nthano ya Kalulu amene anakana kukumba nawo chitsime nthawi ya chilala. Mwanayo ayenera kukumbukira kukana kwa Kalulu mpaka kumapeto, apo ayi omvera sadzamvetsa chifukwa chimene nyama zinamuletsera kumwa madzi. Ayeneranso kukumbukira ndondomeko ya alonda amene Kalulu anawapusitsa ndi uchi.

Mtima wake umafulumira kuti aulule msanga kuti Kamba ndiye anagwira Kalulu. Akapirira mpaka nthawi yake itakwana, ndiye kuti wadziletsa. Omvera nawonso amaphunzira kudziletsa poyembekezera malo oyenera kuvomera.

Pomaliza, wosimba amalankhula ngati Kalulu, kenako ngati mlonda. Iye akudziwa chinyengo cha Kalulu, koma ayenera kulankhulitsa mlonda ngati munthu wosadziwa kanthu. Kuzindikira kuti wina angakhulupirire chinthu chabodza kumayamba kuonekera bwino mwana akafika zaka 4 kapena 5.

Choncho maluso awiriwa amakulira limodzi. Mwana wokumbukira bwino amasimba nkhani yolongosoka, ndipo kusimba kawirikawiri kumampatsa mpata woyeserera kukumbukira ndi kudziletsa. Katswiri wina wa ku Russia, Lev Vygotsky (1896–1934), anaphunzitsa kuti mwana amayamba kuchita chinthu mothandizidwa ndi wamkulu, kenako amachitha payekha.

Udindo wanu

Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 anaika Chichewa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka. Komabe chilankhulo chimasungika ngati chikulankhulidwa panyumba. Kumene wailesi yakanema ndi foni zalanda nthawi ya nthano, mwana amaona zithunzi zambiri koma mpata woluka yekha nkhani umamuchepera. M'mera mpoyamba. Mng'ono kapena mlongo wanu akamasimba, musamuthere mawu. Akasokoneza, mufunseni kuti, "Nanga kenako chinachitika n'chiyani?" Akasakaniza Chichewa ndi Chishona kapena Chingerezi, musamuseke; mubwerezereni mawuwo m'Chichewa, iye apitirize.

Mafunso

1. Tchulani maluso atatu odzilamulira.
2. Kodi kuvomera kuti "Tili tonse" kumaphunzitsa chiyani omvera?
3. N'chifukwa chiyani kulankhula ngati mlonda kumavuta mwana wa zaka 3?

Ntchito

Simbirani mwana wamng'ono nthano imodzi, ndipo mawa lake mumupemphe kuti akusimbireni. Lembani zimene wakumbukira, zimene wadumpha ndi zimene wawonjezera.