Kuteteza Moyo pa Malo a Ntchito

Ku Zingwangwa mabanja ambiri amadalira ntchito yowotcherera zitsulo, ya ukalipentala ndi ya m'zigayo. Zoopsa za m'malo oterewa n'zodziwika: waya wamagetsi wosendeka, lamba wa chigayo wopanda chotchinga, kuwala kwa moto wowotcherera kumene kumawononga maso, ndi fumbi lolowa m'mapapo.

Lamulo la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo pa ntchito limaika udindo waukulu pa wolemba ntchito. Udindowu umayenda motere. Choyamba, mwini malo ayendere malo ake ndi kuzindikira chilichonse chimene chingavulaze munthu. Chachiwiri, achotse choopsacho kapena achitchinge. Magalasi, magolovesi ndi nsapato zolimba ndi chitetezo chomaliza, pakuti zimangochepetsa kuvulala koma choopsacho chimakhalapobe. Chachitatu, aphunzitse wantchito watsopano asanagwire makina, ndipo bokosi la chithandizo choyamba likhale poonekera.

Wantchito naye avale zodzitetezera ndi kunena msanga akaona chowonongeka. Wovulala athamangitsidwe kuchipatala cha Zingwangwa, ndipo ngoziyo ikanenedwe ku ofesi ya zantchito, chifukwa lamulo la 2000 limapatsa wovulala pa ntchito ufulu wolandira chipukutamisozi.